Laputopu ya Malemu Hilary

Chilobwe,
Blantyre.
18 Ogasiti 2024.

Wokondedwa mlongo wanga Kingsford,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako ndi wa alamu anga kumeneko ku Joni. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Tinamva kuti chaka chino kwazizira mosasewera. Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Mwana wanga Faida wakula moti utakumana naye pamsewu ungamudutse, ndipo pakamwa watengera ine.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni umandidula mawu. Uwerenge mpaka kumapeto, ukatero ukalipe ngati ukufuna.

Sindikukuimba mlandu kuti sunabwere kumaliro a m'bale wathu Hilary, za mapepala ako ndikuzidziwa. Koma poti iwe kunalibe, zonse zinagwera ine, paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndikufuna umve kuchokera kwa ine zimene zachitika pakati pa ine ndi mkazi wake Kate, ena asanakuuze zokometsera.

Iwe unali wamng'ono, mwina sukumbukira bwino. Bambo atamwalira Hilary anali Folomu 1. Ndinasiya sukulu ine, n'kukalowa ntchito yosoka matumba ku Makata. Zaka khumi ndi chimodzi ndinakhala pa makina aja, fumbi likundilowa m'mphuno, kuti mwana wanzeru wa m'banja mwathu asakhale pakhomo.

Sanandithokozepo, Kingsford. Shuga ndi sopo ankabweretsa, ndikadwala ankandiperekeza kuchipatala, koma mawu akuti zikomo achemwali sanatulukepo pakamwa pake. Anali wouma pakamwa ngati bambo. Ndinkati zilibe kanthu, koma zinkandiwawa.

Masana ankaphunzitsa sayansi kukoleji. Akaweruka, mutu uli pa laputopu. Ukapita kukamuona ku Nkolokosa ankakupatsa moni maso ali pagalasi. Ankapanga pulogalamu ya kompyuta imene anaitcha Chisa, ndipo Kate, mphunzitsi wa masamu uja, ankamuthandiza. Anthu anzathu amabereka ana, iwo anabereka pulogalamu.

Tsiku lina anayesa kundifotokozera. Anati m'makala amene timaphikirawa muli chinthu chotchedwa kaboni, ndipo asayansi amatha kupanga nacho timachubu toonda kwambiri kuposa tsitsi koma tolimba kuposa chitsulo. Anandionetsa chithunzi chake, chinthu chonga waya wa khola la nkhuku atamupinda. Anati pulogalamu yake imawerengera kuti kachubuko ukakakoka kaduka pati, komanso kuti kutentha kumadutsamo bwanji, kuti amene alibe zipangizo zodula azingoyesa pa kompyuta. Ine ndinamuyankha kuti makala ndimawadziwa, thumba lakwera mtengo.

Patatha masiku atatu tiike maliro, tinapita ku Nkolokosa ndi amalume a Kalimu ndi ana awo, titapanga hayala lole. Usandiuze za malamulo, ndikudziwa kuti masiku ano amati ndi mlandu. Mkazi wakhala pabanja zaka zisanu ndi zinayi osatisiyira ngakhale mwana mmodzi, ndiye atsale ndi thukuta la m'bale wathu akadye ndi mwamuna wina? Ndi mmene ndinkaganizira, ndipo amalume anali nane.

Tinatulutsa firiji, masofa, wailesi ya kanema, tebulo lowerengera. Kate anali pamkeka pakona, mpango wakuda kumutu. Ngakhale bedi likutuluka sanatukule mutu. Koma nditanyamula chikwama cha laputopu anadzuka ngati wakhalira moto, n'kundigwira mkono.

"Alamu, tengani zonse, ngakhale mkeka uwu. Ichi chokha ndibwerekeni ola limodzi, ndikubwezerani."

Mumtima ndinati galu wamkota sakandira pachabe. Munthu wosalirira firiji, wosalirira bedi, alirira kachikwama? Ndinadziwa kuti chuma chonse cha Hilary chili m'menemo. Ndinachotsa dzanja lake, chikwamacho ndinakwera nacho kutsogolo kwa lole nditachifungatira.

Kunyumba Faida anayatsa laputopuyo, koma inafuna mawu achinsinsi. Tinayesa dzina la bambo, la mayi, tsiku lake lobadwa, ngakhale dzina langa, osatheka. Ndinaiika pansi pa sutikesi, pamwamba n'kuunjikapo zitenje.

Kate anabwera kuno ku Chilobwe katatu. Sindinamulowetse m'nyumba, ndinkamukhazika pakhonde n'kumupatsa madzi. Ulendo woyamba anandifotokozera zonse modekha ngati akuphunzitsa mwana wosamva. Anati miyezi isanu ndi itatu yomaliza, impso zitayamba kale kumuvuta, Hilary ankalemba gawo latsopano la pulogalamu ija, lalikulu kuposa onse. Anati kale kompyuta inkatha kuwerengera kachubu kamodzi masiku anayi, magetsi akangozima ntchito yonse n'kutayika. Gawo latsopanoli linali loti magetsi akabwera iziyambira pomwe inalekezera, komanso iziyenda pa makompyuta akale amene ali m'makoleji a maiko osauka ngati lathuli.

Anati Hilary sankatumiza pa intaneti chinthu chosatha, ankati sapereka chakudya chosapsa. Anamaliza kutatsala masiku awiri kuti agonekedwe komaliza m'chipatala, ndipo sanathenso kutumiza. Anasunganso zomwezo m'kabokosi kakang'ono kamene kanali m'dirowa ya tebulo. Nditafunsa ana a amalume, anati kabokosiko anakagulitsa pamodzi ndi mawaya kwa munthu wongodutsa mumsika wa Limbe. Ndiye ntchito yonseyo inatsala malo amodzi okha padziko lapansi, pansi pa zitenje zanga. Mawu achinsinsi anali ndi Kate, makina anali ndi ine.

Ndinamufunsa kuti akatumiza alandira zingati. Anati palibe. Ndinaseka mpaka anthu oyandikana nawo anasuzumira. Ndinamuuza abwere sabata yamawa, ndiganize kaye.

Sabata imeneyo ndinanyamula laputopu ija n'kukwera minibasi kupita ku Limbe, kwa Mohsin, mwana wa a Essop amene tinkagulako nsalu za yunifolomu aja. Pano ali ndi shopu yokonza makompyuta, ndipo Hilary ankagula zinthu kwa iye. Anandipepesa za maliro, anandipatsa mpando. Ndinamuuza mosazungulira kuti andiuze mtengo wa pulogalamu ya m'bale wanga, komanso amene angaigule.

Sanandiseke, ndimulemekeza pa chimenecho. Anatembenuza kompyuta yake kuti ndione, n'kutsegula tsamba la Chisa pa intaneti. Anati pulogalamuyi ndi ya mtundu umene mwini wake amauika poyera. Aliyense padziko angathe kuitenga ulere, kuwerenga mmene inapangidwira, kukonza pamene palakwika, n'kubwezera zokonzazo kuti ena apindule. Lamulo lake ndi loti maina a amene anaipanga asachotsedwe basi. Ndikuona ndi maso anga anaitsitsira pa kompyuta yake, osalipira kanthu.

Anandionetsanso mauthenga achipepeso ochokera ku Brazil, ku India, ku Kenya. Anthu amene sanamuphikirepo phala ngakhale tsiku limodzi akumulira ngati m'bale wawo. Ena analemba kuti anamaliza maphunziro awo apamwamba chifukwa cha iye. Ine ndinkangoona manja angawa, zala zopindika ndi singano za ku Makata. Nzeru zimene ndinazisokera matumba anazimwaza dziko lonse ngati chimanga cha nkhuku.

Zikanathera pamenepo mwina ndikanangokwiya, n'kumupatsa Kate chinthu chake. Koma Mohsin, pofuna kundisangalatsa, ananditsegulira tsamba lina. Anati opanga mapulogalamu otere ali ndi chizolowezi choti akatulutsa mtundu watsopano amaupatsa dzina, ndipo Hilary ankapereka maina a anthu amene anamuthandiza pamoyo wake. Mitundu inalipo isanu ndi umodzi.

Woyamba unali ndi dzina la mphunzitsi wake wa kusekondale. Wina la mayi wa ku India amene anapeza cholakwika m'masamu ake. Wachinayi unali Kate. Panali ngakhale dzina la mlonda wa kukoleji amene ankamusungira njinga. Ndinamuuza Mohsin atsitse tsambalo mpaka pansi, anatsitsa. Ndinati abwererenso pamwamba pang'onopang'ono, anabwerera. Dzina langa ine Alefa panalibe.

Mlonda wa njinga, Kingsford. Ndinamva manyazi pamaso pa mwana wa eni, kenako ndinamva chidani chimene sindinachimvepo chibadwire. Ndinamuda Hilary ali m'manda, ndipo poti wakufa sungamutukwane, ndinamuda Kate.

Ndinatulutsa laputopu ija n'kumuuza Mohsin kuti afufute zonse, ikhale yatsopano, mwana wanga azichitira za kusukulu. Anakana.

"Mayi, zimenezo ine sindingachite. M'menemo muli ntchito ya munthu. Kawapatseni akazi awo ola limodzi, makinawo akhalabe anu."

Ndinamuuza kuti bambo ake sankaphunzitsa makasitomala nzeru, ankangoyeza nsalu. Ndinatuluka.

Pafupi ndi msika pali bambo wina wa kabenchi ndi ambulera amene amatsegula mafoni okhomedwa. Anati kutsegula sangathe, yakhomedwa mwaukatswiri, koma kupukuta zonse n'kuikamo zatsopano ndi ntchito yaing'ono. Anandifunsa ngati muli zofunika. Ndinati mulibe. Ndinagula chimanga chootcha n'kukhala pambali. Pamene ndinkataya chitsononkho, kufufuta kunali kutatha, kwangotsala kuikamo zatsopanozo.

Ndinasangalala. Sindikubisira, ndinakwera minibasi yobwerera mtima uli mbee. Ndinkati dziko ladya kale zisanu ndi chimodzi, chachisanu ndi chiwirichi sadya munthu.

Choipa kwambiri ndi chimene ndinachita pambuyo pake. Kate sindinamuuze. Atabwera ulendo wachiwiri ndinati ndikuganizabe. Ulendo wachitatu ndinamuuza kuti laputopu adzailandira tsiku lomusudzula, pamaso pa ankhoswe, koma adzayambe wagwada n'kupepesa kuti anatibisira kukula kwa matenda a m'bale wathu. Ndinkadziwa kuti amene anabisa ndi Hilary mwini wake. Iyenso ankadziwa kuti ndikudziwa. Anangoti chabwino alamu, ndidzapepesa.

Masabata atatu anadikira. Ndinamva kuti analemba pa tsamba lija kuuza anzake a kunja kuti ntchito yomaliza ya mwamuna wake ituluka Loweruka lomusudzulalo.

Mwambo unachitikira kuno kwanga m'mawa. Kunabwera amalume, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mkulu wa mpingo mmodzi, ndi mchimwene wake wa Kate, a Melvin, atagula kale intaneti yambiri pafoni kuti atumize pomwepo. Kate anagwada pafumbi pabwalo panga. Anapepesa mlandu umene sanapalamule. Amalume ananena mawu omumasula, kuti tsopano ndi mfulu, akhoza kupita kumene afuna. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatuluka ndi chikwama, ndinamupatsa ndi manja awiri.

Anaitsegula ali chikhalire pamkeka. Zala zake zinali zitakonzeka kulemba mawu achinsinsi, koma siinafunse kanthu. Inangoyaka, pagalasi n'kuoneka chithunzi cha Faida ndi anzake atatulutsa malilime.

Anafufuza. Anatsegula apa, anatsegula apo. A Melvin anagwada pambali pake nawonso n'kufufuza. Ndinawasiya avutike kaye, kenako ndinanena zimene ndinakonzekera masabata atatu. Ndinati anthu a kunja adya kale m'bale wanga ulere mokwanira, chotsalacho wapita nacho kumanda, ndipo amene akuchifuna akachifunse komweko.

Ndinkayembekezera kuti alira, agubuduka pansi, anditukwana, kuti anthu aone khalidwe lake. Sanalire. Anatseka laputopu bwinobwino, anaitana Faida, anamupatsa, n'kumuuza kuti aziisamala, batire yake siichedwa kutha. Atatero anatembenukira kwa ine.

"Alamu, mukudziwa dzina limene anaupatsa mtundu umenewu?"

Ndinati sindikufuna kudziwa, mwina la wogulitsa tomato.

"Anautcha Alefa. Ankati dzina lanu silingapite pa zing'onozing'ono, lidikire ntchito yaikulu. Koyambirira kwake analemba tsamba lathunthu lonena za inu, m'Chichewa, kuti mudzawerenge nokha popanda womasulira. Analilemba masiku anayi, uku akudwala."

Ndinati akunama. Anati mwina. Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere tsiku loyamba lija. Anayankha kuti Hilary anamulumbiritsa kuti ndisamve kwa munthu, ndidzalione ndekha pa intaneti pamene dziko lonse likuona. Anawonjezera kuti akanandiuza ndikanati akundinyengerera, ndipo pamenepo sananame, ndikanaterodi.

Amalume anayamba zoti madzi akatayika saoleka, tiyeni tikhululukirane. Kate ndi abale ake ananyamuka osadya, chakudya chonse chinatsala m'mapoto.

Lolemba ndinali kale pakhomo pa shopu ya Mohsin asanatsegule. Laputopuyo anaiyang'ana kuyambira m'mawa mpaka masana. Anati zikanakhala zosakhoma mwina akanatolako zina, koma zokhoma zikafufutidwa chonchi palibe katswiri padziko amene angazibweze. Sanandilipiritse, ndipo sanandiyang'ane kumaso.

Ndinapita kwa bambo wa kabenchi uja, ndinamukalipira pagulu. Anandikumbutsa kuti anandifunsa ngati muli zofunika.

Kate pano akukhala kwa a Melvin ku Bangwe, nyumba ya ku Nkolokosa anaibweza kwa eni ake. Ndapitako kawiri. Amandilandira mwaulemu, amandifunsa za Faida. Anandiuza kuti iye ndi anzake a kunja aja ayamba kulemba gawo lija kachiwiri, potsata zimene akukumbukira. Akuti zitenga chaka kapena ziwiri, ndipo sizidzafanana ndi za Hilary. Dzina adzasankha pamodzi onse amene agwira ntchitoyo. Sindinafunse kuti lidzakhala la ndani, ndikudziwa kuti si langa.

Ndinamuuza kuti za dzina ndilibe nazo ntchito, ndikungofuna mawu a patsamba lija. Ndinamufunsa ngati akuwakumbukira. Anati anawawerenga kambirimbiri pokonza zilembo, moti akhoza kuwanena onse ali m'tulo. Ndinati ndiye andiuze.

"Inu munasunga zimene munafuna kusunga, alamu. Awa ndi okhawo amene mwandisiyira, ndisunga nanenso."

Anatero akumwetulira pang'ono, n'kundifunsa ngati ndili ndi ya minibasi. Ulendo wachiwiri ndinamuuza kuti firiji ndibweza, wailesi ya kanema ndibweza, masofa okha ndi amene amalume anagulitsa kale. Anati firiji kwa a Melvin ilipo. Mkazi uja ndi wankhanza, Kingsford, anthu amangomuona kufatsa. Amadziwa pamene pakundiwawa ndipo amapondapo mosafulumira. Ndikudziwa chimene unene, kuti anaphunzira kwa ine.

Sindinamupepese. Ndimafika pakhomo pake mawuwo ali pakamwa, koma ndikamuona nkhope amabwerera. Ndife ana a bambo mmodzi ndi Hilary, kuuma pakamwa tinagawana.

Masiku ano ndikamachapa kapena kusesa ndimapezeka ndikulemba tsambalo m'mutu mwanga. Kodi anatchula za Makata? Kodi ankadziwa kuti nsapato zake za Folomu 4 zinachokera pa chitenje changa cha chinkhoswe chimene ndinagulitsa? Kodi analemba kuti achemwali, kapena Alefa basi? Tsamba lathunthu, munthu amene sankatha kunena mawu awiri. Nthawi zina ndimati Kate anangopeka kuti andilange, ndipo mtima umakhala pansi pang'ono. Kenako ndimakumbukira kuti mkazi uja sindinamugwirepo bodza zaka zonsezi.

Tsono pempho langa ndi ili. Kate amakulemekeza iwe, sunamulakwirepo, ndipo pa lole paja panalibe iwe. Umuimbire foni. Usanene kuti ndakutuma ndine, akadziwa atseka pakamwa. Uyambe ndi kumupepesa za maliro, ucheze naye za Hilary, kenako ufunse ngati ukungofuna kudziwa wekha zimene m'bale wako analemba. Akakana tsamba lonse, umupemphe mzere woyamba wokha.

Ukamaimba ukhale ndi cholembera pafupi, usadalire mutu wakowo, paja iwe ndi kuiwala. Ulembe mawu ndi mawu mmene akunenera, usakonze, usakometsere.

Ndipo akakaniratu, Kingsford, usandiuze kuti wakana. Iwe Hilary unkamudziwa, kalankhulidwe kake ukukadziwa. Ukhale pansi ulembe wekha, unditumizire, unene kuti wamva kwa Kate. Ine sindidzakufunsa.

Undiperekere moni kwa alamu anga ndi ana, uwauze kuti azakhali awo amawakumbukira m'mapemphero. Faida akupereka moni, akuti ufulumire kubwera usanamupeze atakwatiwa. Amalume a Kalimu nawonso akuti ndikupatse moni. Mulungu akusunge m'dziko la eni, akuteteze panjira ndi pantchito.

Ndine mlongo wako,
Alefa.